Mankhwala, mameshi kapena ulusi: chomwe chimasunga tsitsi kuno ku Mangochi

Amayi anzanga a pamsika wa pa Boma mwakhala mukundifunsa kuti tsitsi la m'mbalimu ndinalitani kuti libwerere. Ndikuyankheni nonse pamodzi.

Tsitsi limakula pafupifupi sentimita 1 pamwezi, masentimita 12 mpaka 15 pachaka. Palibe botolo la m'sitolo lomwe lingalithamangitse. Ndiye posankha njira, funso nlakuti ndi iti yomwe siidula zimene zamera kalezo.

Mankhwala owongola ndinawasiya. Ambiri amakhala ndi sodium hydroxide, soda yemwe uja amapangira sopo, ndipo amafooketsa tsitsi. Likakumana ndi dzuwa la mu Okutobala komanso madzi amchere a m'mijigo ina kuno, limangoduka pachipeso. Amayenera kupakidwa pa tsitsi longomera kumene, pakatha masabata 8 mpaka 12, koma saluni zambiri zimapaka mutu wonse.

Mameshi ndiwo ndili nawo chifukwa. Kukongola amakongola, sindikana, ndipo m'mawa sutaya nthawi. Koma mtengo womwe amakuuza polowa si wonse. Kumasula ulipira, kutsuka ulipira, mafuta oziziritsa khungu ugulanso. Mtengo waukulu ndi tsitsi lakutsogolo. Mayi wina pasaluni ina anandiluka mokoka kwambiri, akugwira ngakhale timatsitsi tating'ono ta pamphumi, nsidze mpaka kukwera. Nditadandaula anati, "Pirirani asisi, akalimba ndiye amakhalitsa." Usiku mutu sunkagoneka pa pilo. Kenako panatuluka tiziphuphu toyera m'mphepete, ndipo tsiku lomasula tsitsi linachoka ndi mizu yomwe.

Madokotala amati traction alopecia, kuthothoka kobwera ndi kukoka. Mukasiya msanga limameranso, koma mukapitiriza zaka mizu imafa, dazi nkukhazikika. Chimandiwawa nchakuti ana asukulu akulukidwa chonchi pa Eid ndi pa Khirisimasi, akulira, amayi awo akuti kukongola nkupirira. Ndiponso poti ndalama yalowa, mameshiwo timawasunga miyezi itatu, thukuta la kunoli likuunjikana pansi pamodzi ndi mfundu. Asapitirire masabata 6 mpaka 8, ndipo ngati akupweteka tsiku loyamba, amasuleni.

Kumanga ndi ulusi, njira ya agogo athu, ndiko ndimaikira kumbuyo. Ndi kotchipa, mnzako akhoza kukumanga pakhonde, ndipo tsitsi limawongoka popanda draya. Ndimatsuka kamodzi pamlungu, nkupesa lidakali lonyowa kuyambira kunsonga, nkupaka mafuta a nsatsi pang'ono m'mbali ndi a malambe kunsonga. Mafutawa sameretsa tsitsi, amangotsekera chinyontho kuti lisaduke. Inu ovala mpango tsiku lonse, dikirani liume musanafunde. Ulusinso ukamangidwa mokoka umawononga chimodzimodzi, choncho m'mphepetemo muzisiya mpata.

Vuto lake nlakuti miyezi yoyamba simuona kusintha, ndipo apa ndi pomwe ambiri amatopa nkubwerera ku mameshi. M'mbali mwanga munayamba kumera timatsitsi tofewa ngati ta khanda, ndipo panapita miyezi yambiri tisanafike poti nkugwirika.

Kukakhala chinkhoswe kapena ukwati ndimavala wigi yopanda guluu pamwamba pa mizere yolukidwa mosakoka, ndikafika kunyumba ndimaivula. Mameshi ndingalukitsenso pokhapokha ndikapeza woluka womva ndikamuuza kuti akundipweteka.