Makompyuta okhala m'mimba mwa kompyuta ina: ntchito yanga kuno ku Johannesburg

Abale anga kumudzi, makamaka inu achinyamata amene mukuphunzira za makompyuta ku Blantyre, Zomba ndi Lilongwe, ambiri mumandifunsa kuti ntchito ya maseva yomwe ndimagwira kuno ndi yotani. Ndikufotokozereni mbali imodzi imene imandidyera nthawi yambiri, koma ndimaikonda.

Makampani ang'onoang'ono omwe timawathandiza sakugulanso seva pa ntchito iliyonse. Magetsi atavuta kwambiri mu 2023, aliyense anazindikira kuti kusunga makina asanu pa batire n'kuwononga ndalama. Ndiye timatenga seva imodzi yamphamvu, n'kuikamo Linux ndi KVM (mbali ya Linux yolola kompyuta imodzi kuyendetsa makompyuta ena m'kati mwake), ndipo m'kati mwakemo mumakhala makompyuta angapo osaoneka ndi maso, omwe timangowatcha ma VM (virtual machine). KVM inalowa mu kernel ya Linux, womwe ndi mtima wa Linux wolamulira zipangizo zonse, mu 2007, ndipo imayenda limodzi ndi QEMU, pulogalamu yomwe anayambitsa Fabrice Bellard.

Nkhani yagona pa disiki ndi netiweki. VM iliyonse imafuna zipangizozi, koma zenizenizo ndi za seva yaikulu. QEMU imatha kunamizira khadi yakale ya Intel yotchedwa e1000, kapena disiki ya IDE, ndipo VM imakhulupirira kuti yapatsidwa chitsulo chenicheni. Zimayenda, koma mokwawa, chifukwa nthawi iliyonse VM ikakhudza chipangizo chonamiziracho, purosesa imaima kaye kuti seva yaikulu iyankhe. Zili ngati anthu awiri a ku Dedza akukambirana kudzera mwa womasulira, chikhalirecho onse amamva Chichewa.

Njira yabwino ndi virtio, imene anakonza Rusty Russell wa ku Australia. Apa VM sinamizidwa. Imadziwa kuti ili m'mimba mwa inzake, ndipo ziwirizi zimagwirizana malo ena mu RAM pomwe zimaikirana katundu pamzere. VM imaunjika zopempha zambiri n'kugogoda kamodzi kokha. Kusiyana kwa liwiro mumakuona ndi maso mukamakopera fayilo yaikulu.

Koma kernel ya m'kati mwa VM iyenera kukhala ndi ma driver a virtio, timapulogalamu toithandiza kulankhula ndi zipangizozo. Mitundu ya Linux monga Ubuntu, Debian ndi Fedora imabwera nawo kale. Mavuto amabwera pa makina akale. Tinaitanidwa ku kampani ina kuti tisamutse seva yawo ya zowerengera ndalama, yomwe kernel yake inamangidwa pamanja kalekale ndi munthu amene anachoka. Titaiyatsa ngati VM, inangolemba kuti "Unable to mount root fs" n'kuuma pomwepo. Mwini kampaniyo anatuluka thukuta poganiza kuti mabuku onse apita. Sanapite. Kernel ija sinkaiona disiki chifukwa sinkadziwa virtio.

Tinaidzutsa kaye ndi disiki ya IDE, kenako tinalowa mu make menuconfig, momwe mumasankha zoti zilowe mu kernel musanaimange. Zofunika kuyatsa ndi CONFIG_VIRTIO_PCI, poti zipangizozi zimaonekera pa PCI, CONFIG_VIRTIO_BLK ya disiki, ndi CONFIG_VIRTIO_NET ya netiweki. Mukasankha virtio-scsi, njira ina yolumikizira disiki, mufunika CONFIG_SCSI_VIRTIO. Pano mumvetsetse bwino: driver mutha kuimangira m'kati mwa kernel posankha y, kapena kuisiya padera ngati module posankha m. Ikakhala padera, ili pa disiki yomweyo imene kernel sinathe kuitsegula. Choncho muyenera kuiika mu initramfs, kafayilo kamene kernel imayamba nako isanatsegule disiki, pogwiritsa ntchito dracut kapena update-initramfs malinga ndi Linux yanu. Ine driver ya disiki ndimaimangira m'kati basi, kuti ndigone mtima uli m'malo.

Msampha wina uli pa dzina. Disiki yomwe inali /dev/sda imasanduka /dev/vda ikakhala pa virtio-blk. Ngati fayilo ya /etc/fstab, momwe mumalembedwa madisiki oti atsegulidwe poyatsa, ikutchulabe dzina lakale, makina aimanso panjira. Lembani UUID, nambala yozindikirira disiki yomwe sisintha posamutsa, m'malo mwa dzinalo musanasamutse chilichonse. Palinso CONFIG_VIRTIO_BALLOON, yothandiza seva yaikulu kubweza RAM imene VM sikuigwiritsa ntchito, ngakhale pa makina a database ine sindiikhulupirira kwenikweni.

Windows ndiye imabwera yopanda ma driver amenewa. Mukamaiika siiona disiki mpaka mutaipatsa ISO (fayilo yokhala ngati CD) ya virtio-win, yomwe imapezeka kwaulere kudzera ku Fedora.

Chimene chimandiwawa n'chakuti ndinafika kuno ndikuganiza kuti zinthu izi zimafuna makina a ndalama zambiri. Ayi ndithu. Laputopu yakaunjika yokhala ndi RAM ya 8 GB ikukwanirani kuphunzira zonsezi, ndipo mapulogalamu onse ndi aulere. Ndalama ipita pa bandulo yokha. Sukulu, chipatala cha mishoni kapena SACCO ya kwathu ingathe kuyendetsa ntchito zake zonse pa seva imodzi ndi sola, pakangopezeka munthu wodziwa kuisamala.

Lowani mu BIOS, yatsani VT-x kapena AMD-V, zomwe zimalola purosesa kuyendetsa ma VM, ikani virt-manager, pulogalamu yopangira ma VM pa Linux, mupange VM imodzi ya e1000 ndi ina ya virtio, muziyerekeze nokha. M'kati mwa yachiwiriyo lembani lspci, lamulo loonetsa zipangizo za pa PCI. Mukaona mizere yolembedwa Red Hat, Inc. Virtio, dziwani kuti zipangizo zafika. Kenako lembani lspci -k kuti muone ngati driver yagwiradi.