Buku la mapatani a masiketi ndi madiresi: ndi labwino, koma olemba sankaganiza za chitenje

Nyenyezi 4 mwa 5. Tasokapo zovala zitatu potsatira bukuli: siketi yotambasuka kumunsi, bulawuzi yopanda kolala ndi diresi la manja aafupi la zipi kumsana. Zonse zinatuluka zovalika, koma pali zinthu zimene wogula ayenera kudziwa asanaike sizasi pa nsalu.

Mapatani ali pa mapepala akuluakulu opindidwa kumapeto kwa buku, ndipo zovala zingapo zajambulidwa pa pepala limodzi, mizere kupingasana, kutsogolo ndi kuseri komwe. Pepalali musalidule. Mumayala pepala lopyapyala loonekera pamwamba pake n'kukopera mzere wa saizi yanu yokha. Poyamba maso amachita chizungulire, koma mukalondola mzere wanuwo ndi cholembera cha mtundu musanayambe kukopera, ntchito imapepuka. Nyuzipepala musagwiritse ntchito: simuona mizere ya pansi, komanso inki yake imadetsa nsalu yowala. Koperani chilichonse, madati (timapindo tosongoka tosokedwa kuti chovala chitsate thupi), timizere tokumanitsira misoko, ndi muvi wautali uja wosonyeza mmene ulusi wa nsalu ukuyendera. Muviwo uyenera kuyenda molingana ndi m'mphepete mwa nsalu. Mukaupendeketsa ngakhale pang'ono, siketi imapotoka ikachapidwa ndipo msoko wa m'mbali umabwera kutsogolo.

Chimene chimapweteketsa anthu ambiri n'chakuti mapataniwa alibe malo a msoko. Bukuli lanenadi zimenezi, koma m'timalemba ting'onoting'ono koyambirira. Muyenera kuwonjezera nokha ndi choko: masentimita 1.5 m'misoko yonse ndi 3 kapena 4 pa mpendero. Diresi lili ndi misoko iwiri ya m'mbali ndi umodzi wa kumsana, ndiye mukaiwala n'kusoka molowa masentimita 1.5, lachepa ndi masentimita 9 kuzungulira thupi. Pamenepo palibe telala angalipulumutse.

Za saizi, iwalani nambala imene mumavala ya m'sitolo kapena ya pa kaunjika. Tengani tepi. Pa tchati cha bukuli saizi 40 ndi chifuwa 92, chiuno 74, mahipi 98, munthu wake wotalika masentimita 168. Taonani kuti mahipi aposa chifuwa ndi masentimita 6 okha. Amayi ambiri kwathu kuno sali choncho: wa chifuwa 92 akhoza kukhala ndi mahipi 106, ndiye kuti kumtunda ndi 40, kumunsi 44. Njira yake ndi kukopera 40 kuyambira paphewa mpaka m'chiuno, kenako kukhotetsa mzere pang'onopang'ono kuti ukakumane ndi wa 44 pamahipi. Siketi sankhani potengera mahipi, chiuno muchepetse pamadati. Bukuli lafotokoza zimenezi m'ndime imodzi yokha yopanda chithunzi, ndipo apa ndi pamene lataya nyenyezi ija. Ngati ndinu wamfupi, pindani patani pa mzere wofupikitsira umene uli pakati pa chifuwa ndi chiuno. Kungodula kumunsi kumasiya chiuno cha diresi chitakhala pamahipi, kumsana kuli phwii.

Tsopano nkhani ya nsalu. Miyeso yonse ya m'bukuli ndi ya nsalu ya masentimita 140 kapena 150 m'lifupi. Chitenje chimakhala cha pafupifupi 115, ndipo mukachotsa m'mphepete momwe muli zilembo zija chimachepanso. Mukachipinda pawiri mwatsala ndi 55 kapena 57, choncho zidutswa zimene buku laziika moyandikana inu mudzaziyala motsatizana. Siketi yofika m'mawondo imene buku lati mita imodzi imadya mita ndi hafu ya chitenje, kotero chitenje chimodzi cha mamita awiri chikukwana. Diresi la manja limene lalembedwa mamita awiri limafuna atatu, ndipo ngati maluwa ake ndi akuluakulu kapena oyang'ana mbali imodzi, gulani mamita anayi osadula pakati. Apo ayi mudzapeza mbalame zikuuluka chadodolido kumsana, kapena duwa lalikulu litakhala pamalo ochititsa manyazi. Siketi yozungulira yonse imene ili m'bukuli, yokongola pa chithunzi, ilekeni kaye. Pa chitenje sikwana popanda kulumikiza.

Chapani nsalu musanadule. Thonje limafota, ndipo mamita awiri akhoza kutaya masentimita 6 mpaka 10 pa kuchapa koyamba. Kuchapako kumachotsanso kuuma kwa chitenje chatsopano, kumene kumanamiza munthu kuti nsalu ndi yolimba pomwe ili yofewa. Sitani isanaumiretu, ndipo ngati simbi ndi ya makala muike kansalu pakati. Zina zonse zoti mugule zalembedwa bwino pa chovala chilichonse: zipi ya masentimita 20 ya siketi, ya 55 ya diresi, ndi sitifu ya gamu (kansalu kolimbitsira komata ndi simbi) ya m'khosi ndi pa lamba.

Malangizo osokera ndi omveka, zithunzi zake n'zazikulu, ndipo ndondomeko ya zipi ndi yabwino kuposa mmene ambiri tinaphunzirira pakhonde: kusoka msoko wonse ndi ulusi wotalikirana, kusita, kuika zipi, kenako kumasula. Koma olemba akuganiza kuti aliyense ali ndi makina a zigizagi kapena ovaloko, osokera m'mphepete kuti nsalu isanyenyeke. Pa makina opalasa ngati Singer kapena Butterfly akale, amene amangosoka mzere wowongoka, sokani misoko yobisa: koyamba nsalu zitayang'anizana kuseri, masentimita 0.5, mudule zonyenyeka, mutembenuze, musokenso sentimita imodzi. Singano ya 90 ndi yoyenera chitenje. Ya 70 imathyoka pokumana misoko.

Woyamba kumene ayambe ndi siketi yotambasuka: zidutswa zinayi, madati anayi, zipi imodzi. Diresi musalidule pa nsalu yokwera mtengo musanayese mbali yake ya kumtunda pa shiti yakale kapena bafuta, kungolumikiza mapewa ndi m'mbali, chifukwa madati a bukuli ndi a chifuwa chapakatikati, ndipo kwa wa chifuwa chachikulu amathera pamwamba ndi masentimita 2 kapena 3. Kuwatsitsa pa pepala ndi ntchito ya mphindi khumi.