Kasitolo ka majezi akale pafupi ndi Small Street: za nthawi ya Baxter zilimo, koma muziona msoko

Mukachoka ku Park Station kulowera cha ku Small Street, pakati pa mzinda wa Johannesburg, pali kasitolo kogulitsa majezi akale a mpira kamene Amalawi ambiri a kuno ku Joni amakadziwa, chifukwa mwini wake ndi bambo wina wachikulire wa kwathu. Malowo ndi opanikiza, moti anthu anayi akalowa wachisanu amadikira pakhomo, koma katundu wake simungamupeze m'masitolo akuluakulu amene amangosunga jezi ya chaka chomwecho.

Khoma lonse lakumanzere ndi la majezi achikasu a Kaizer Chiefs a zaka za mphunzitsi Stuart Baxter, ndipo apa ndi pamene sitoloyi imaposa zinzake, pakuti bambowo sagulitsa nsalu yokha, amakuuzaninso mbiri ya jezi imene mwagwira. Baxter anabadwira ku Wolverhampton ku England mu 1953, ndipo monga wosewera sanatchuke kwenikweni: anayambira ku Preston North End, nadutsa ku Stockport County, kenako anakasewera ku Sweden m'matimu monga Helsingborg ndi Örebro. Dzina lake linakula atayamba uphunzitsi. Anaphunzitsa Sanfrecce Hiroshima ku Japan, anatenga ligi ya ku Sweden ndi AIK mu 1998, ndipo anafika ku South Africa koyamba mu 2004 kudzaphunzitsa Bafana Bafana, timu ya dzikolo. Atabwera ku Chiefs mu 2012, timuyi inali isanatengenso ligi kuyambira 2005, pamene kaputeni wake anali mwana wa kwathu Patrick Mabedi, mfundo imene mwini sitoloyo salola kuti kasitomala wa ku Malawi atuluke asanaimve. M'chaka chake choyamba Baxter anatenga ligi pamodzi ndi chikho cha Nedbank.

Jezi yofunika kuigula pamenepa, mwa kuona kwanga, ndi ya 2014/15, ya Nike yokhala ndi dzina la Vodacom pachifuwa. Chaka chimenecho Chiefs inatenga chikho cha MTN8 ndi ligi, itapeza mapointi 69 ndi kugoletsedwa zigoli 14 zokha m'masewero 30, ndipo wotseka kumbuyo Tefu Mashamaite ndi amene anasankhidwa kukhala wosewera wopambana wa chaka. Ochemerera ena ankadandaula kuti mpira wa Baxter ndi wodikira mdani alakwitse kenako n'kumuthamangira, osati wosangalatsa maso, koma atachoka mu 2015 timuyi inatha zaka khumi osagwira chikho chodziwika mpaka Nedbank ya mu 2025, choncho jezi imeneyi ili ndi kulemera kumene ena anakuzindikira mochedwa. Majezi a ulendo wake wachiwiri, wa 2021 mpaka 2022, umene unatha wopanda chikho, ali m'dengu la pansi pa tebulo pa mtengo wotsika, ndipo bambowo sawayankhulira n'komwe.

Vuto lalikulu la sitoloyi ndi lakuti majezi enieni ndi otengera apachikidwa pamodzi popanda chizindikiro chowasiyanitsa. Mukafunsa kuti, "Bambo, iyi ndi yeniyeni kodi?" amakuyankhani zoona mosabisa, koma munthu wosafunsa akhoza kulipira ndalama zambiri pa chinthu chosayenera mtengowo, makamaka Loweruka pamene amagulitsa ndi mnyamata wowathandiza, amene sadziwa zambiri. Tembenuzani jeziyo muone mkati. Pa yeniyeni, msoko wa m'mapewa ndi wowongoka ndiponso wothinana, chizindikiro cha timu chakhala bwino popanda ulusi wolendewera, ndipo kansalu ka m'mbali kofotokoza za kachapidwe kali ndi zilembo zooneka bwino ngakhale jeziyo yachapidwa kambirimbiri. Pa yotengera, nambala ya kumsana imayamba kusupuka m'makona, ndipo mukaikanda pang'ono ndi chala imatukuka. Ine ndinagula yeniyeni pa R750 titatsitsana, ndipo kupatula kamzere kofifira pakhosi ili bwinobwino.

Mulibe chipinda choyesera zovala, ndipo risiti amalemba pokhapokha mwaipempha, chinthu chimene sichiyenera kuchitika pa katundu wa mtengo wotere. Majezi a Bafana Bafana a 2019, chaka chimene Baxter, akuphunzitsanso timuyi, anatulutsa Egypt mu AFCON (mpikisano wa mayiko a mu Africa) ku Egypt komweko ndi chigoli cha Thembinkosi Lorch, amabwera mwa apo ndi apo ndipo satenga nthawi. Amene akuifuna asiye dzina kwa bambowo, ndipo ndi bwino kupita m'mawa pakati pa sabata pamene iwo eni ake ali pa kauntala.