Ocheka matabwa obwera ndi makina pakhomo: anandithandiza pa mtengo wa walnut

Ngati muli ndi mtengo wa walnut wogwa musathamangire kuwaza nkhuni, itanani kaye anthu oyenda ndi makina ocheka matabwa aja adzauone. Amene anabwera kwa ine ndawakonda chifukwa sanathamangire ndalama ayi, anayamba ayeza kunenepa kwa chipika, kuona ngati mtima sunaole, kenako anadutsitsa kachipangizo kofufuzira zitsulo poti mitengo yapakhomo imabisa misomali ndi mawaya zomwe zimaononga sowo komanso kudetsa thabwa.

Nthambi anakana kucheka, akuti matabwa ake amapindika basi. Koma thunthu lija eee, mtima wake wabulawuni woderako, ndipo pamphanda panatuluka mizere ya m'thabwa yokongola zedi ngati maluwa, tebulo yake idzakhala yonyaditsa. Anandiuza ndipake penti kumapeto kwa matabwawo kuti asang'aluke, ndiwasanje pamthunzi ndi timitengo pakati mpweya uzidutsa, thabwa la masentimita 2.5 limafuna pafupifupi chaka kuti liume ndiye pamafunika kudekha.

Chomwe sichinandisangalatse, utuchi anausiya mbwee pabwalo, pomwe wa walnut umaononga tomato ndipo ndi woopsa kwa mahatchi. Komabe ndikhoza kuwaitananso.