Fielder yomwe inkagogoda kutsogolo: zomwe zapirira dzinja la ku Kasungu ndi zomwe zatha

Galimoto yake ndi Toyota Corolla Fielder ya NZE141, yoyenda tsiku ndi tsiku pakati pa Kasungu boma ndi Santhe, nthawi zina n'kupatukira m'misewu yadothi ya kumaesiteti a fodya. Mvula isanayambe inkalira "gu gu gu" kutsogolo ikangoponda kabampu. Tinasintha ma link awiri a sitabilaiza (sitabilaiza ndi chitsulo chopingasa chochepetsa kupendekeka kwa galimoto pokhota, ma link ndi tizitsulo toilumikiza ku mashoko), mabushi awiri a sitabilaizayo (marabala oigwira), ball joint ya kumanzere (mfundo yolumikiza tayala ku control arm, mkono wachitsulo wogwira tayala chapansi), mabushi a ma control arm ndi mashoko awiri akutsogolo. Tsopano dzinja lapita, fumbi labwerera, ndipo taikwezanso pa jeke kuti tione zomwe zapirira.

Mashoko a kampani ya KYB ali bwinobwino: ndi ouma, sakudontha mafuta, ndipo mukakankhira galimoto pansi pakona n'kuisiya, imakwera kamodzi n'kukhazikika. Ball joint ya mtundu wa 555 nayonso sikugwedera, rabala yake ndi yosang'ambika. Pa Fielder iyi ball joint imamangidwa ku control arm ndi bawuti imodzi ndi manati awiri, choncho wina asakugulitseni arm yonse pamene chatha ndi ball joint yokha.

Zomwe zakhumudwitsa ndi ma link. Anali otchipa aja obwera m'kapepala kopanda dzina, ndipo pofika mu Febuluwale phokoso linali litabweranso. Rabala yophimba kamutu ka link ndi yopyapyala. Ikang'ambika, madzi amatope amalowa, girizi amatuluka, mchenga n'kuyamba kupera kampira kachitsulo ka m'katimo. Kakangoyamba kusewera, ndiye kugogodako. Phokoso la link silivuta kulizindikira: limamveka kwambiri mukamayenda pang'onopang'ono pa msewu wamabampu ang'onoang'ono, makamaka tayala limodzi likakwera linzake lili pansi, koma pa tala wosalala wa M1 limangoti zii. Kuti mutsimikize, masulani ma link a mbali zonse ziwiri za galimoto, mangani sitabilaiza ndi waya kuti isakhudze kanthu, yendani pang'ono pamalo opanda magalimoto ambiri. Phokoso likatha, mwapeza vuto. Musapite ulendo galimoto ili choncho, chifukwa imapendekeka kwambiri pokhota. Pomanga link yatsopano, gwirani bawuti yake ndi Allen key (pa ma link ambiri a Toyota ndi ya 6 mm) uku mukumanga nati. Mukapanda kutero bawuti imazungulira limodzi ndi nati, mumaganiza kuti mwamanga pomwe simunamange.

Nkhani yaikulu ili pa mabushi a ma control arm, ndipo apa ndi pomwe eni magalimoto ambiri amataya ndalama mosadziwa. Mabushi a galimotoyi adakali athunthu, opanda mng'alu, pamene magalimoto ena omwe anaikidwa mabushi a mtundu womwewo nyengo yomweyo abwera atang'ambika kale. Kusiyana kwake ndi kamangidwe. Rabala ya bushi inamatidwa ku kachitsulo ka pakati. Siizungulira, imangopotokola arm ikamakwera ndi kutsika. Makaniki akamangiratu bawuti galimoto ili m'mwamba pa jeke, matayala akulendewera, ndiye kuti ikatsitsidwa rabala ija imakhala yopotokola kale galimoto isanayende n'komwe. Onjezani matumba a chimanga ndi maenje a m'dzinja, bushi imang'ambika pa miyezi yochepa, mwini galimoto n'kumadandaula kuti anamugulitsa zabodza. Chofunika n'chakuti bawuti ya bushi yakutsogolo, yogona chopingasa ija, ingogwiritsidwa kaye, galimoto itsitsidwe kuti kulemera kwake kukhale pa matayala, kenako imangidwe komaliza, kaya pa dzenje la pagalaja kaya matayala atakwera pa matabwa olimba. Imani pomwepo muone kuti zachitikadi. Ndi ntchito ya mphindi zochepa, koma ndi yomwe imadumphidwa kawirikawiri galaja ikadzaza.

Musanagule chilichonse, yezani. Kwezani tayala, ikani sitandi pansi pa galimoto. Musalowe pansi podalira jeke yokha kapena njerwa. Gwirani tayala pamwamba ndi pansi n'kuligwedeza. Likasewera, uzani mnzanu aponde buleki: kusewerako kukatha ndi beringi, kukapitirira kayikirani ball joint, ndipo mutsimikize poipana ndi tayala liva. Kenako ligwireni kumanzere ndi kumanja. Apo mukuyeza tie rod end ndi rack end, mfundo za zitsulo zolumikiza chiwongolero ku matayala. Phokoso lobwera mukamapotoza chiwongolero galimoto itaima nthawi zambiri limachokera pa mount ya pamwamba pa shoko, pomwe shokoyo imamangidwira ku bodi ya galimoto. Ball joint yogwedera si yoti "tidzakonza tikagulitsa fodya". Ikazuka, tayala limapindikira m'kati galimoto ikuthamanga.

Mabushi a sitabilaiza ayamba kulira pang'ono chifukwa cha fumbi, koma sakusewera. Musawapake oyilo wa injini kapena girizi wamba, zimafewetsa rabala. Girizi wa silikoni ndi amene amayenera.

Alayimenti inachitidwa tsiku lomwe zitsulo zinasinthidwa, ndipo matayala akutsogolo akudyeka mofanana mbali zonse. Manati a matayala pa Fielder amamangidwa pa 103 Nm (muyezo wa kulimba kwa nati pa sipanala yoyezera, torque wrench), osati kupondereza sipanala ndi phazi. Yang'ananinso kumbuyo musanaweruze: jeke yosamangidwa, sipeya yomasuka kapena rabala yoduka ya ekizozi zimagogoda mofanana ndithu ndi shoko yakutha.

Mashoko ndi ball joint zija tingagulenso mosakayika. Ma link otchipa ayi. Tawachotsa n'kuika a 555, onse awiri nthawi imodzi, ndipo rabala zake tizidzaziyang'ana nthawi iliyonse yosintha oyilo.