Mikisa yabwino, koma imamva foni isanalire

Mikisa iyi, yosakanizira mawu a maiki ndi nyimbo asanapite ku masipika, ndaigwiritsa ntchito miyezi isanu tsopano, pa zinkhoswe ndi kutchalitchi kwathu, ndipo ndikuipatsa nyenyezi zitatu mwa zisanu. Mawu amatuluka bwino, mabatani ndi olimba, ndipo sitentha ngakhale iyake tsiku lonse. Chimene chandibowa n'chimodzi: imakoka phokoso la foni.

Ndinazitulukira pa chinkhoswe china ku Area 25. Ankhoswe ali mkati molankhula, anthu ali zii, masipika anangoti "di-di-dit, di-di-dit, dzzz". Posakhalitsa foni ya MC, imene anaisiya pamwamba pa mikisa, inalira. Maso onse anali pa ine ngati ndachita dala.

Achimwene anga amakonza mawailesi, ndiye ndi amene anandimasulira. Foni ikakhala pa 2G, netiweki yakale ija, situmiza mafunde mosalekeza. Imatumiza modukiza, pafupifupi ka 217 pa sekondi, poti mafoni asanu ndi atatu amagawana njira imodzi mosinthana. Mafunde enieniwo, a 900 MHz, khutu silingawamve, koma kudukizako kumamveka. Chingwe chosatchingidwa bwino chimawatola ngati eriyo, mikisa n'kuwakuza pamodzi ndi mawu a maiki. Phokosolo limatsogola chifukwa foni imayamba yayankhana ndi nsanja ya netiweki isanalire. Ndipo kumene netiweki ndi yofooka foni imadzikakamiza, mphamvu ya mafunde ake n'kufika mpaka mawati 2. N'chifukwa chake titapita kukaimba kumudzi ku Dowa zinanyanya kuposa m'tauni.

Apa ndi pamene opanga anaumira. Bokosi lake ndi la pulasitiki, pamene la chitsulo likanatchinga, ndipo zingwe zimene zimabwera nayo n'zoonda ngati za mahedifoni. Ndinazitaya n'kugula za XLR, zija za maiki za mapini atatu, phokoso linachepa kwambiri. Ndinayesanso timphete ta ferrite, tija timaoneka ngati kachotupa pa chingwe cha chaja ya laputopu. Tinathandiza pang'ono chabe, musayembekeze zodabwitsa.

Chimene chimagwiradi n'kutalikitsa foni. Pano patebulo langa sipakhala foni ya munthu, ngakhale ya abusa, ndipo ogwira maiki ndimawapempha aike pa airplane mode. Musanamizidwe kuti yanu ndi ya 4G: intaneti yokha siisokosa choncho, koma wina akakuimbirani, foni zambiri zimatsikira pa netiweki yakale. Ovuta kuwagwira ndi amayi a kwaya. Kafoni ka mabatani kali pamfundo ya chitenje, iwo aima pafupi ndi chingwe cha maiki, ndipo ukawafunsa amati, "Ine ndazimitsatu, abambo," kutanthauza kuti achotsa kulira kokha.

Ngati mukufuna yoimbira nyimbo kunyumba kapena pa shopu, gulani, mtengo wake ndi wabwino. Ngati ndi yojambulira ulaliki kapena kwaya, onjezerani ndalama mupeze ya bokosi la chitsulo, chifukwa phokosoli likalowa m'zimene mwajambula limavuta kuchotsa. Ine ulaliki wa Pasaka ndinachita kuutaya.