Fogger ya mu khola la ball python, ndi bho koma musaidalire kwambiri

Amene mukuweta njoka za ball python kuno ku Johannesburg mukudziwa mmene mpweya umaumira nthawi yozizira, June July apa, ndiye ukayatsanso heater chinyezi chimathawiratu. Njokayi kwawo ndi ku West Africa, cha ku Ghana ndi Togo uko, imafuna chinyezi cha m'ma 60% ndipo ikamafundula chikwere kufika m'ma 70, apo ayi khungu lakale limatsalira kumchira ndi m'maso.

Ndinagula fogger pa shopu ina ya ziweto, umathiramo madzi kenako kamatulutsa nkhungu kudzera pa kapaipi. Kamagwira ntchito ndithu, mphindi zochepa hygrometer, kachipangizo koyezera chinyezi, yakwera kale. Koma thanki yake ndi yaing'ono heavy umangokhalira kuthira, komanso madzi a pampopi amasiya zoyerayera pagalasi ndiye mpaka ugule madzi a distilled, ndalama zinanso zimenezo. Ukakasiya usiku onse pansi pamachita chithaphwi, ndipo njoka ikamagona ponyowa choncho mamba a kumimba amayamba kuola, scale rot ija. Ine ndinangokalumikiza ku timer.

Kunena zoona chomwe chasintha zinthu kwambiri ndi makoko a coconut amene ndinayala pansi, amasunga madzi mkati pamwamba pali pouma, kuphatikiza kutseka theka la sefa yotchinga pamwamba pa khola ndi foil. Fogger ndiipatsa 3 pa 5. Kutsuka kokha nkotopetsa amwene, ukachita ulesi mupaipimo mumachita ndere.